Uhedi saloweza usiku woti mawa kuli intavyu

Akonzi,

Ndipatseniko danga m'nyuzipepala yanu ndiyankhule ndi aphunzitsi anzanga, makamaka achinyamata amene mitima yayamba kukhumbira mpando wa ahedi kapena wa adepute. Chandigwiritsa cholembera ndi mnyamata wina amene tikuphunzitsa naye pasukulu pano, wa Sitandade 6, wakhama komanso wosachedwa kuntchito. Sabata yatha anandipeza muofesi pa buleki, n'kukhala pabenchi ngati wabwera kudzapempha tchuthi. Atazungulirazungulira anati, "Madamu, kukumveka kuti malo atuluka posachedwapa. Mundibwerekeko mafunso amene anakufunsani inu nthawi ija, ndiyambiretu kuloweza." Ndinaseka. Sindinkaseka iye ayi, ndinkadziseka ndekha, poti mawu omwewo ndinawayankhulapo kwa munthu wina kalekale, ndipo zimene zinanditsatira sindinaziiwale.

Ine ndine wa gulu la 1994. Boma litachotsa fizi kupulayimale chaka chimenecho, ana anakhamukira m'sukulu, chiwerengero chinachoka pa pafupifupi 1.9 miliyoni n'kufika cha m'ma 3 miliyoni, ndipo ife anatilemba ntchito mwachangu tisanapondeko kukoleji. Anatiphunzitsa masabata owerengeka, basi choko m'manja, ana oposa 100 pansi pa mtengo wa mango. Ukadaulo tinakautenga pambuyo pake kudzera mu MIITEP, pulogalamu yophunzitsa aphunzitsi amene ali kale pantchito, ine ku koleji ya St Joseph's ku Bembeke, miyezi yochepa kukoleji, nthawi yotsalayo tikuphunzira tili pantchito. Pa PT4, giredi yoyambira ya aphunzitsi a pulayimale, ndinakhalapo mpaka ndinazolowera ngati pakhomo pa amayi anga. Ndanena izi kuti wina asaganize kuti ndinabadwira muofesi.

Ulendo woyamba wokayesedwa ndinakonzeka ndendende momwe mnyamata uja akufunira kukonzekera. Ndinabwereka suti kwa mlamu wanga, ndinamangitsa tsitsi, ndipo kwa masabata awiri ndinkachezera ndi kandulo kuloweza kope la mnzanga: mitundu ya utsogoleri, tanthauzo la kuyang'anira ntchito, maudindo a mphunzitsi wamkulu kuyambira woyamba mpaka wakhumi. Mukanandidzutsa pakati pa usiku ndikanakulakatulirani zonse osapumira. Nditalowa m'chipinda muja, bambo wina wa magalasi, wooneka kuti fumbi la choko analipuma zaka zambiri, sanakhudze n'komwe za m'kope zija. Anati, mwatumizidwa kusukulu yatsopano, mwafika Lolemba m'mawa, ahedi akale akufuna akusiyireni makiyi athamangire lole yomwe yanyamula kale katundu wawo. Musanasaine kuti sukulu mwailandira, mufuna akuonetseni chiyani? Ndinatchula marejisitala. Ndinatchula masikimu, ndondomeko za zophunzitsa pa teremu. Kenako kukamwa kunauma gwa. Anandidikira, n'kundiponyera chingwe: "Nanga za ndalama?" Ine ndinati ndalama ndi za komiti. Mayi amene anakhala kumapeto kwa tebulo anaweramitsa mutu n'kulemba kanthu papepala. Ndinadziwa pomwepo kuti suti ya alamu ndaibwerekera chabe.

Sanandilakwire anthu aja. Funsolo linali lachilungamo. Ndinali nditaphunzitsa zaka zoposa khumi pafupi penipeni ndi ofesi, koma m'menemo ndinkangolowamo posaina buku la nthawi ndi pokatenga choko.

Anandiwombola ndi ahedi anga a nthawi imeneyo, bambo wachikulire amene anatisiya kale. Nditawafotokozera momwe zinayendera, sanandipepese. Anadzuka, anatsegula kabati yachitsulo imene ife tinkaiopa ngati dambwe, n'kuyamba kutulutsa mabuku kuunjika patebulo. Anati, "Mayi, sukulu ndi iyi. Enawo ndi makoma chabe." Kuyambira tsiku limenelo Lachisanu lililonse tikaweruka ndinkatsalira ola limodzi.

Anayamba kundipatsa logi buku. Ndinkaliyesa buku longolembamo alendo, koma ndi mbiri ya sukulu tsiku ndi tsiku: tsiku limene mphepo inasasula denga la Sitandade 3, tsiku limene ana anaweruka msanga chifukwa cha maliro a amfumu, tsiku limene anabwera a PEA, alangizi oyang'anira sukulu za pulayimale za m'dera (zoni) lathu, ndi zimene anasiya atalamula. Anandiuza kuti chimene sichinalembedwe m'menemo, ukadzafunsidwa mlandu, ndiye kuti sichinachitike. Mawu amenewo ndinadzawamvetsa mu 2020, sukulu zitatsekedwa mu Malichi chifukwa cha Covid-19. Titatsegulira, ondiyang'anira ankafuna kudziwa ana angati sanabwerere, atsikana angati anakwatiwa kapena kutenga mimba, ndipo tinachitapo chiyani. Amene ankalemba anayankha atakhala pansi. Amene sankalemba anayankha ndi thukuta.

Kenako linabwera buku lolembamo ana olowa sukulu, lija lokhala ndi nambala ya mwana aliyense, limene limakupulumutsa munthu akabwera patatha zaka khumi ndi zisanu kudzafuna umboni woti anaphunzira pano. Linabwera buku la katundu. Limeneli ahedi anandituma ndikaliyerekeze ndi zimene zili m'makalasi, ndiwerenge ndi manja anga. M'buku munali madesiki 84. Ine ndinapeza 61, kuphatikizapo atatu amene anali kunyumba za aphunzitsi akuikapo ndowa. Nditabwera nazo, anandifunsa kuti, mukanasaina Lolemba lija osawerenga, madesiki 23 amenewo akanakhala ngongole ya ndani? Ndinamva kuzizira m'msana.

Kashi buku inandivuta kwambiri, sindibisa. Ine ndine wa Chichewa ndi Chingerezi, manambala ndinkawazemba. Koma palibe uhedi wopanda manambala. Ndinaphunzira kuti ndalama iliyonse yolowa ili ndi mzere wake, yotuluka ili ndi lisiti lake, ndipo musanagule kanthu kakakulu mumafunsa mitengo m'masitolo angapo n'kusunga makotesheni. Ndinaphunzira kuti mfundo za misonkhano ya komiti ya sukulu ndi ya PTA, bungwe la makolo ndi aphunzitsi, si zolemba zokongoletsera fayilo, ndi pamene pali chilolezo chako chogulira simenti ija. Masiku ano kuli ndalama za SIG zimene boma limatumiza kusukulu za pulayimale, ndipo zimayenda ndi SIP, ndondomeko yotukulira sukulu imene mumaikonza pamodzi ndi makolo, mafumu, aphunzitsi ndi ana omwe. Mphunzitsi amene akufuna uhedi koma sanaonepo SIP ya pasukulu pake, sadziwa kuti chaka chino munagwirizana zomanga chimbudzi cha atsikana kapena zogula mabuku, ameneyo sanayambe kukonzeka, ngakhale suti atagula kale. Ofunsa amakonda kukanda pamenepa chifukwa ahedi ambiri amene agwa sanagwe chifukwa cholephera kuphunzitsa. Anagwa ndi ndalama, ena osaba n'komwe, kungolephera kuonetsa pepala.

Tsono kwa mnyamata uja, ndi kwa ena onse onga iye, ndikuti pemphani ntchito musanapemphe mpando. Pasukulu pali timaudindo timene anthu amatithawa chifukwa tilibe alawansi: kukhala mkulu wa seksheni, kaya ya ana aang'ono, yapakati kapena ya akuluakulu, kukonza taimutebulo, kuyendetsa mayeso a kumapeto kwa teremu, kulemba mfundo za msonkhano wa aphunzitsi, kudzaza mafomu a kalembera wa chaka ndi chaka, kuthandiza kulembetsa ana a Sitandade 8 mayeso a MANEB, kumene dzina limodzi lolakwika limakuyendetsa mpaka nsapato kutha. Tengani kamodzi, mukagwire bwino, chaka chinacho mutenge kena. Kumeneko n'kumene kumachokera nkhani zoti mukanene pamaso pa ofunsa. Munthu amene akuti "ndikhoza kuthetsa kujomba kwa ana" ndi munthu amene akuti "m'kalasi langa ana ankajomba tsiku la msika, ndinapita kwa amfumu ndi amayi a mother group, ndipo rejisitala ya teremu yotsatira ikuonetsa izi" samveka mofanana. Wachiwiriyu ofunsa amasiya kulemba n'kumuyang'ana.

Komanso tisaiwale momwe zinthu zimayendera kwathu kuno. Kukwezedwa giredi ndi kupatsidwa sukulu ndi zinthu ziwiri. Alipo ambiri amene akuyendetsa sukulu ali pa giredi yotsika, chifukwa ofesi ya maphunziro ya paboma inafuna munthu, a PEA n'kutchula dzina. Ndiye kuti intavyu yanu inayamba kale, mukuyesedwa osadziwa. A PEA akabwera mwadzidzidzi n'kukupezani muli ndi lesoni pulani ya tsikulo, akakuonani ku TDC, malo amene aphunzitsi a m'zoni amakumana pochita maphunziro, mukutsogolera anzanu pa maphunziro a m'zoni m'malo mongodikira fanta, dzina lanu limakhala m'mutu mwawo. Sindikunena zonyambita ayi. Wonyambita amadziwika, ndipo akampatsa sukulu aphunzitsi samumvera.

Zowerenga zilipo, sindikukana, koma werengani zenizeni osati kope la mnzanu. Pezani Education Act ya 2013, imene inati maphunziro a pulayimale ndi okakamiza, n'kukhazikitsanso Teachers Council of Malawi yolembetsa aphunzitsi. Pezani National Education Standards za 2015, miyezo 26 ija imene oyendera sukulu amatipimira. Musailoweze ngati malamulo khumi. Tengani muyezo umodzi, muzungulire nawo pasukulu panu, mudzifunse kuti pano tili pati ndipo ndikanakhala ine ndikanayambira pati. Dziwani ndondomeko yolola mtsikana amene anabereka kubwerera kusukulu, imene inayamba mu 1993 ndipo yakhala ikukonzedwanso, komanso kuti malamulo a dziko lino salola ukwati wa mwana wosakwana zaka 18. Dziwani malamulo a khalidwe la mphunzitsi, chifukwa funso la mphunzitsi woledzera, kapena wochita chibwenzi ndi mwana wasukulu, silisowa. Ndipo yankho lake si "ndimuchotsa ntchito". Ahedi sachotsa munthu ntchito. Amateteza mwana, amalemba, amachenjeza pamene mpofunika kuchenjeza, n'kutumiza lipoti kwa owayang'anira. Ambiri amagwera pamenepa chifukwa chofuna kuoneka olimba.

Pali mbali ina imene palibe buku limene linandiphunzitsa, ndipo kwa ine ndiyo yaikulu. Sukulu ya kumudzi ili pamalo a amfumu. Kuno ku Dedza nyengo ya gule ikafika, kapena ya chinamwali, kapena yokumba mbatata ya kachewere pamene ana amathamangira ganyu, makalasi amaphwa ngati mtsinje wa m'chilimwe. Ndinaonapo ahedi wina wachinyamata, wophunzira bwino ndithu, amene atangofika anaimirira pamsonkhano wa makolo n'kunena kuti miyambo yachikale ndiyo ikubwezera ana m'mbuyo. Ananena zoona zina, koma njerwa za buloko yatsopano sizinaumbidwe chaka chimenecho, ndipo teremu yachitatu isanathe anapempha yekha kuti amusamutse. Amene anabwera pambuyo pake anayamba ndi kukalonjera kwa agulupu, nkhuku m'manja, n'kupempha kuti nthawi ya miyambo igwirizane ndi holide. Mafumu anavomera, mpaka gule amene ankaopedwa uja n'kumathamangitsa ana ojomba kupita nawo kusukulu. Ofunsa akakuponyerani funso la mtundu umenewu, akufuna kumva ngati mumadziwa khomo loyamba kugogoda.

Za mapepala ndinene mwachidule, ngakhale zagwetsa anthu ambiri kuposa mafunso. Khalani ndi fayilo imodzi kunyumba, yosafikako chiswe: satifiketi ya MSCE, ya uphunzitsi, dipuloma kapena digiri ngati muli nayo, kalata yolembedwera ntchito, kalata yokhazikitsidwa pantchito, ya kukwezedwa komaliza, chitupa cha unzika chosatha ntchito, umboni wolembetsa ku Teachers Council, ndi timapepala tonse ta maphunziro apantchito. Udindo uliwonse umene mwapatsidwa pasukulu, pemphani ahedi aulembe pakalata n'kudinda. Onetsetsani kuti dzina ndi tsiku lobadwa zikufanana paliponse. Mnzanga wina wapamtima, mphunzitsi woposa ine kutali, anabwerera pakhomo chifukwa satifiketi ina inali ndi dzina la bambo ake, ina la mwamuna wake, ndipo analibe chikalata cholumbirira chogwirizanitsa maina awiriwo. Zimenezi zimakonzeka mwezi wa phee, osati malo atatuluka, masiku otsekera atatsala atatu, magetsi a pafotokope atazima.

Malo akalengezedwa, kaya ndi a Teaching Service Commission, kaya a khonsolo, kaya eni sukulu za mishoni ndi zapulaiveti, werengani chilengezocho kawiri. Chimanena giredi imene akufuna, zaka zimene muyenera kuti mwakhala pa giredi yanu, ndi njira yodutsira kalata. Kalata yanu ikhale ya tsamba limodzi, yonena zimene mwachita, osati yodzaza mawu akuluakulu otapa pa intaneti. Ofunsa awerengapo makalata mazana ofanana mawu ndi mawu, mpaka cholakwika chake chimodzimodzi. Anthu amene mwawalemba kuti akakuchitireni umboni muwauze kaye. Ine anandiimbirapo foni za munthu amene sindinkamukumbuka n'komwe, ndipo ndinayankha momwemo. Kwa amene mukuyang'ana kusukulu zapulaiveti, dziwani kuti kumeneko mwini sukulu adzakufunsani za chiwerengero cha ana, zotolera fizi ndi zotsatira za mayeso, ndipo inunso mufunse za kontirakiti yolembedwa musanasiye kumene muli. Chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere.

Intavyu imachitika m'Chingerezi, ndipo ambiri a ife Chingerezi chathu n'cha m'kalasi, cholankhula ndi ana. Pamaso pa akuluakulu chimathawa. Mankhwala ake ndi kuyeserera mokweza. Ulendo wachiwiri ine ndinakhazika adepute ndi mphunzitsi wina wopuma pakhonde, iwo n'kumandifunsa mopanda chisoni, ine n'kumayankha nditakhala pampando wopanda chotsamira. Anandiletsa chizolowezi changa choyamba yankho lililonse ndi kupepesa. Anandiphunzitsanso kunena kuti "chimenecho sindikuchidziwa bwino, koma ndingakafunse kwa a PEA ndisanachite kanthu", m'malo mopeka. Tsikulo linafika, funso la makiyi ndi lole lija linabweranso, mwa mtundu wina. Ndinayankha mpaka anachita kundidula.

Pali anthu amene amayendayenda nyengo ngati ino, kumanena kuti ali ndi wachibale kumtunda, mungotumiza kangachepe pafoni dzina lanu lilowa. Ndikudziwa aphunzitsi awiri amene anagulitsa mbuzi. Mayina awo sanatuluke, nambala ija inasiya kupezeka, ndipo sakanakadandaula kulikonse poti nawonso anali atalakwa. Ngakhale zikanatheka, mpando wogula umakhala ndi mwini wake wina, amene adzabwera kudzakukumbutsani nthawi ya SIG.

Amayi anzanga, ndili nanu pang'ono. M'zoni mwathu aphunzitsi aakazi tilipo ambiri, koma pamsonkhano wa mahedi timawerengeka ndi zala za dzanja limodzi. Zifukwa ndikuzidziwa poti ndadutsamo: bambo akugwira ntchito kutauni, sukulu imene akupatsani ili kutsidya kwa mtsinje wopanda mlatho, nyumba ya ahedi ndi yodontha, ndipo apongozi akufunsa kuti ana aziwaona ndani. Zimenezo n'zoona, ndipo muzikambirane kunyumba kalata isanapite, osati itayankhidwa. Koma chifukwa china n'chakuti timadikira kuti wina atiuze kuti takwana. Abambo amalemba kalata ali ndi theka la zofunika. Ife tili nazo zonse timati mwina chaka chamawa. Mbewa yamanyazi inafera kuuna. Pasukulu pamene pali ahedi aakazi, mtsikana wa Sitandade 7 amene wayamba kusamba amakhala ndi khomo loti agogode, ndipo ine ndaona atsikana akutsala pasukulu chifukwa cha chimenecho chokha.

Ndisanamalize ndiwadandaulire mahedi anzanga, poti mlandu wina ndi wathu. Ambiri timakhoma kabati ija ngati muli mankhwala, kiyi m'thumba ngakhale tikupita kumaliro kwa sabata yathunthu. Adepute amangokhala oimba belu. Timaopa kuti tikaphunzitsa mwana adzatilanda mpando, kapena adzaona pamene sitinalembe bwino. Kenako tikapuma ntchito timadabwa kuti sukulu imene tinaivutikira yagwa m'chaka chimodzi. Boma ndi mabungwe akhala akuchititsa maphunziro a utsogoleri wa sukulu, ndipo ndi othandiza, ine ndinapitako. Koma kawirikawiri amaitana amene ali kale pampando. Amene akubwera m'mbuyomu sukulu yawo ya uhedi ndi ofesi yanu ndi yanga.

Ndipo wofuna mpandowu adziwiretu chimene akupempha. Ndi iwe woyamba kufika, womaliza kuchoka. Mwana akakomoka pa asembule chifukwa sanadye, phala likachedwa, mphunzitsi akapanda kulandira malipiro, mbuzi za eni zikalowa m'munda wa sukulu, onse amati kaitaneni ahedi. Anzako amene unkadya nawo chinangwa pa buleki amasiya nkhani ukamalowa. Ngati n'kotheka, pitani mukaione sukulu imene mukuifuna tsiku wamba, osati la mwambo. Muone zimbudzi, muone mjigo, muwerenge ana a Sitandade 1 ndi a Sitandade 8, mudzifunse kuti enawo anathera kuti.

Mnyamata uja mafunso sindinamupatse, poti ndilibe, kope lija linadyedwa ndi chiswe kalekale. Ndamupatsa buku la katundu ndi choko choti azilemba nambala pansi pa desiki iliyonse imene wawerenga. Dzulo anabwera atakwinya nkhope, akuti mabuku a masamu a Sitandade 5 akuperewera 17 ndipo akuganiza kuti akudziwa kumene ali. Ndamuuza alembe kaye, tikambirana Lachisanu tikaweruka, ndipo abwere ndi kalikuleta poti tikatero tilowa mu kashi buku.

Ine wanu,
Mphunzitsi wamkulu,
Dedza